Za Moni Wotchinga Nkhani Zathu pa Intaneti

Kunali chiperoni kuyambira m'mawa. Tinakumana masana chifunga chisanachoke.

Gulu: Komiti ya Alembi a Nkhani a ku Mbulumbuzi
Tsiku: Loweruka, 18 Julaye 2009
Malo: M'kalasi ya Sitandade 8

Opezeka: a Alufeyo Kalinde (wapampando), a Stanford Mathero (amene amakatiikira nkhani pa intaneti ku Limbe), mayi Ursula Namakhwa, a Edwin Mulepa (a ndakatulo), Eluby Nakoma (mlembi).
Osapezeka: a Nester. Mbuzi zalowa m'munda wawo wa nandolo.

1. Pemphero
Anapemphera a Edwin. Wapampando anati "Ameni" pemphero lisanathe, chifukwa cha kuzizira.

2. Lipoti la ku Limbe
A Stanford anati woyang'anira tsamba la alembi, pomwe timaikapo nkhani zathu, wachenjeza kuti tikapanda kupeza owerenga pofika kutha kwa Ogasiti, malo athu awapatsa gulu lina. Anafotokoza kuti tsambalo limangoonetsa mizere yoyamba yokha ya nkhani. Munthu akakopeka, ndi pomwe amatsegula yonse. Koma ife timayamba ndi moni ngati tikulembera kuwailesi.

Anawerenga chiyambi cha nkhani ya wapampando: "Choyamba ndipereke moni kwa mayi akunyumba, apongozi anga kwa Mpama, a kwaya onse, osaiwala..." Anati apa ndi pomwe mizere imathera.

Wapampando anati munthu woleredwa bwino salowa pakhomo pa eni osanena odi. A Stanford anayankha kuti: "Odi wanuyo, bambo, akamatha eni nyumba amakhala atagona."

A Edwin anakumbutsa komiti kuti ndakatulo zawo zilibe moni. A Stanford anati nazonso palibe wazitsegula, koma vuto limenelo ndi la msonkhano wina.

3. Kutsitsa moni
Onse anavomera kuti moni uzikhala kumapeto, kupatula mayi Ursula. Iwo anati mwana wawo Francisko anapita ku Joni kalekale, sanaimbepo foni, sanatumepo munthu. Anamva kuti anyamata kumeneko sachoka pa kompyuta, ndiye analowa gulu lino kuti dzina la mwanayo lizioneka pamwamba, m'moni wa nkhani zawo. Anati: "Mukaliika pansi aliona bwanji? Mwana uja ngakhale kusukulu sankafika pansi pa tsamba."

Wapampando anati lamulo ndi la onse. Mayi Ursula anatenga ambulera yawo, nati ngati zili choncho iwo atsanzika.

A Edwin anawaimitsa pakhomo. Anati lamulo laletsa moni, silinaletse dzina, choncho alembe nkhani ya Franciskoyo. Mayi Ursula anati iwo amadziwa kulemba za mfiti ndi za mitala, za mwana wawo sadziwa poyambira. A Stanford anati: "Yambani pomwe pamakuwawanipo, amayi."

Mayi Ursula anabwerera nakhala pansi. Anati: "Tsiku lomwe Francisko anachoka, anandiuza kuti akupita kuchigayo. Madzulo ufa unabwera wokha, pa njinga ya munthu wosamudziwa."

Anathera pomwepo. Kenako wapampando anasendeza mpando nafunsa kuti: "Ndiye wa njingayo anati chiyani?"

Mayi Ursula anati: "Mukatsegule pa intaneti, bambo."

Wapampando anapempha kuti funso lawo lisalembedwe. Komiti inakana.

Chigamulo: Moni watsika. Nkhani ya mayi Ursula ndiyo ikhale yoyamba kupita ku Limbe. Wapampando akafupikitse mndandanda wa apongozi.

4. Zina ndi zina
A Edwin anapempha kulakatula ndakatulo yatsopano. Mamembala anati kunja kwayamba kuda.

Mayi Ursula anafunsa ngati kumapeto kwa nkhaniyo angaikeko mawu akuti, "Amako sanakwiye, ingoimba." A Stanford anati akwana bwinobwino. Wapampando anati umenewo si moni, ndipo lamulo silikuwakhudza. Anagamula kuti mawuwo akhale pamwamba.

5. Kutseka
Msonkhano wina udzakhala Loweruka, 15 Ogasiti, malo omwewa. Tinatseka nthawi ya 5 koloko. Pemphero lotsekera anapereka wapampando okha.

Wapampando: A. Kalinde
Mlembi: E. Nakoma

Ndamaliza kulemba Lamlungu, 19 Julaye, 3 koloko masana, nditachokera kutchalitchi.