Katemera wa Mwana Wako

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo akunyumbako. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno tonse tili bwino. Mwana wako wanenepa moti yunifolomu yake ndachita kuwonjezera nsalu m'mbali.

Nkhani ili apa usadzidzimuke nayo, chifukwa yatha bwino.

Kushopu kwathu kosokera zovala kunabwera namwino wina kudzachepetsa diresi. Ndikumuyeza m'chiuno, anatifunsa ine ndi anzanga ngati tinayezetsapo khomo la chiberekero. Ine ndinaseka, ndati zimenezo ndi za oyendayenda, ine mwamuna ndikudziwa mmodzi yekha. Iye anati kachilombo ka HPV sikafunsa zimenezo, amayi ambiri amakumana nako osadziwa. Kwa ambiri thupi limakachotsa lokha, koma kwa ena kamakhalitsa mpaka kuyambitsa khansa.

Tinatseka shopu n'kupita tonse kukayezetsa. Mng'ono wanga, anandipeza nako, ine ndi mnzanga wina wosokerera mabatani.

Kunyumba ndinafika nditafufuma ndi mkwiyo. Mlamu wako atandipatsa moni ndinangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. M'mawa mwake anavala jekete n'kundiperekeza kuchipatala, thukuta lili kamukamu.

Namwino uja anatikhazika pansi. Anati palibe angadziwe kuti kanalowa liti, kamatha kubisala zaka, ndipo amuna amakanyamula osamva kalikonse. Anati chiopsezo chimakula ukakwatiwa uli wamng'ono, ukabereka ana ambiri, ukamasuta fodya kapena ukakhala ndi HIV. Pa ziwiri zoyambazo ndinangoweramitsa mutu. Paja ukukumbuka ndinalowa m'banja ndikadali kamtsikana, ana n'kudzaza nyumba.

Atandiunika anapeza malo pakhomo la chiberekero pamene panayamba kusintha, koma sinali khansa. Anapawotcha ndi kamakina tsiku lomwelo. Ululu wake ngati wa kumwezi basi. Mlamu wako anauzidwa kuti kwa kanthawi azigona moyang'ana kukhoma, ndipo akumvera ngati mwana wa sukulu. Madzi akutunga yekha, ine ndangokhala bwana. Ndabwerera kale pa makina osokera, chaka chamawa ndikaonetsanso.

Tsono pempho langa ndi ili. Kusukulu kwa mwana wako akubwera ndi katemera wa kachilombo komweka. Chaka chatha unakana, unati unamva kuti amatseketsa kubereka. Ndinamufunsa namwino uja maso ndi maso, ndipo anati ndi bodza, mwana wake yemwe anabayitsa. Anati katemerayu amagwira bwino mtsikana asanadziwe mwamuna.

Ndikanatha kungomupititsa mwakachetechete, koma mwanayu ndi wako, sindingakudutse. Dzulo akundithandiza kupinda nsalu anandiuza kuti jakisoni saopa, chimene akuopa ndi kukukhumudwitsa iwe. Chonde mumasule. Ndipo iwenso ukayezetse, usadikire kuti pena papweteke.

Undiperekere moni kwa bambo akunyumbako ndi apongozi ako. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako,
Mayi a mapasa