Tsiku Limene Ababa Anakwera Basi

Kunyumba,
Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Denga lakukhitchini lija tinalikhoma, ndipo makina anga osokera ayambanso kuyenda bwino nditagula lamba watsopano. Nkhani zabwino zathera pomwepa. Zotsalazi muwerenge mutakhala pansi, alamu ali pafupi kuti azikuziziritsani mtima.

Mukukumbukira lamulo limene munandipatsa pafoni mu Juni, adokotala atanena kuti mtima wa Ababa watopa? Munati, "Mzime, ku mpira asapitenso. Ndikadzangomva kuti apita, ndibwera kudzawatenga azidzakhala kuno." Ine ndinati chabwino achimwene. Loweruka lapitali ndinaphwanya lamulo lanulo, ndipo ndinaliphwanya ndi miyendo yanga yomwe. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanamalize. Muwerenge mpaka pansi, kenako mugamule ngati mukufunabe kuwachotsa m'nyumba mwawo.

Sindikudziwa ngati kumeneko mumawakumbukirabe Apansi, gulu lathu lija lopita ku mpira pansi. Ine ndikangotseka maso ndimawaona pakhonde la ometa, 12 koloko masana, Ababa wezulo ali m'khosi, a Mawotchi akuyang'ana padzanja n'kumakalipira ochedwa. Tinkanyamuka anthu khumi, pofika pa bekale tili makumi asanu, podutsa pamlatho wa njanji osawerengeka. Inu munkandinyamula paphewa n'kumadandaula njira yonse kuti ndimalemera ngati thumba la simenti, koma wina akafuna kukulandirani munkakana. Ababa ankati ku mpira munthu sakwera, chifukwa anyamata akathamanga mphindi makumi asanu ndi anayi, iwe sungakawachemerere ndi miyendo yopumula.

Nanga pobwerera? Tikapambana tinkadzera mumsewu wa mashopu, tikuimba, kuti aliyense atione. Tikagonja tinkatsata njanji mwakachetechete, n'kulowera pakhomo lakuseri. Malemu Amayi sankasowa wailesi. Ankangomvetsera khomo limene lagogodwa, n'kudziwa ngati afunse za mpira kapena angoika madzi osamba osayankhula kanthu. Ndimawasowa masiku amenewo, achimwene, ndipo ena a iwo ndimawasowa chifukwa munalimo inu.

Bwalo lakale lija analitseka. Latsopanoli ndi lokongola, sindinganame, koma analimanga kutali, makilomita khumi ndi anayi, kupitirira mafakitale onse. Tsiku la mpira mabasi amandanda padepoti kuyambira m'mawa. Maminibasi amamanga mbendera pamagalasi, ndipo zambiri mwa mbenderazo ndimasoka ndine, ndiye musaganize kuti ndikudandaula. Anjinga zamoto amanyamula anthu atatuatatu, wachinayi ndi vuvuzela. Olemera amapita pagalimoto zawo, kenako mpira ukatha amazungulira ola lathunthu kufunafuna pamene anaziimika. Pakhonde la ometa tsopano amakonzapo mafoni. Mwa Apansi onse atsala awiri, Ababa ndi a Mawotchi, ndipo a Mawotchi anagonja kalekale, amakwera basi.

Chitsegulireni bwalolo miyezi isanu ndi itatu yapitayo, Ababa anali asanapondeko. Poyamba kunali kuuma mutu kwawo, kenako linabwera lamulo lanu. Koma Loweruka lililonse la mpira ankasamba, kuvala malaya a timu, kupukuta nsapato, n'kukhala pakhonde kumaonerera mabasi akudutsa. Anthu akawakwezera manja pawindo, iwo ankayang'ana kumbali. Mabasi akatha ankavula nsapatozo n'kuzibwezera pansi pa bedi. Inu munalamula muli kutali, koma woona zimenezi sabata ndi sabata ndinali ine.

Lachisanu madzulo ndikupinda nsalu Ababa anandipeza n'kuti, "Iwe, mawa ndikupita. Pansi."

Ndinati, "Ababa, achimwene anakana."

"Achimwene ako ndinawabereka ndine kapena anandibereka ndi iwo?"

"Nanga adokotala?"

"Adokotala anati ndiziyenda pang'ono tsiku lililonse. Miyezi inayi sindinayende, ndiye mawa ndiyendera pamodzi."

Ndinaseka, ndipo kusekako n'kumene kunandigwetsa. Ndinaona kuti ndikakana adzazemba okha ine ndili kumsika, ndiye ndinati kuyenda awiri si mantha. Ndinaika mapilitsi awo m'chikwama, mabotolo awiri a madzi ndi ambulera, ndipo 7 koloko m'mawa tinauyamba.

Achimwene, mukanawaona! Maola awiri oyambirira ine ndi amene ndinkatsalira. Ankaloza chilichonse: apa panali bekale, apa ndi pamene a Mawotchi anagwera mu ngalande chaka chimene tinatenga chikho, apa ndi pamene achimwene ako anataya nsapato imodzi n'kukaonera mpira wonse ataima ndi mwendo umodzi. Pamlatho wa njanji anaima, n'kuimba wezulo kamodzi. Panalibe wotitsatira ngakhale mmodzi, koma anacheuka ndithu. Chimwalirireni Amayi ndinali ndisanawaone akusangalala chotero.

Titapitirira mafakitale mitengo inatha, dzuwa linakwera, ndipo nkhani zinayamba kuchepa. Anayamba kupuma pafupipafupi, akunamizira kumanga zingwe za nsapato. Cha m'ma 11 koloko, titayenda makilomita asanu ndi anayi, tinafika pakashedi ka womata matayala. Ababa anakhala patayala la lole osapempha n'komwe. Thukuta linali kamukamu, milomo itatuwa, dzanja lili pachifuwa. Ndinawamwetsa mapilitsi, kenako ndinathamangira kumsewu kuti ndiimitse galimoto iliyonse yopita kutauni.

Panalibe. Mbali zonse ziwiri za msewu galimoto zinkaloza kumodzi.

Womata matayala uja anati, "Mayi, simukudziwa? Tsiku la mpira, ikangokwana 11, apolisi amatembenuza msewu wonse kuti uziloza kubwalo. Zobwerera kutauni mpaka mpira uthe."

"Ndiye wodwala atani?"

"Chipatala chapafupi lero ndi kubwalo komweko. Kuli anamwino ndi ambulansi pageti. Akwezeni basi, mphindi khumi mwafika."

Safunsa anadya phula, achimwene. Tauni yonse imadziwa za msewu umenewu kupatula anthu awiri amene ankadzitcha akatswiri a ulendo wa ku mpira. Ndinabwerera kwa Ababa n'kuwauza kuti tikwera. Anapukusa mutu. Anati zaka makumi asanu sanakwerepo, ndipo sayamba lero pamaso pa anthu. Ndinawanyengerera, ndinawagwadira pafumbi, osatheka. Kenako mtima unandipsa, ndipo apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni, loposa lija lophwanya lamulo lanu. Ndinati, "Ababa, chaka chonse chino timu yakhala ikupambana inu muli pakhonde. Miyendo yanu sinachinyepo chigoli ngakhale chimodzi!"

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangotambasula dzanja kuti ndiwadzutse. Womata matayala anaima pakati pamsewu ndi nsanza yofiira mpaka basi ina inaima, ndipo tinawakweza awiri, iye kumbuyo ine kutsogolo, chifukwa sitepe yake ndi yaitali.

M'basimo munali modzaza, anthu atapaka nkhope, ng'oma ili pakati. Mayi wina wonenepa amene ankatsogolera nyimbo anakuwa kuti, "Apatseni malo agogo, inu!" Anawakhazika pampando wakutsogolo, wina akuwakupiza ndi mbendera. Ababa anangoti zyolii, maso pansi, ngati munthu wogwidwa akuba. Basi itanyamuka ng'oma inayambanso, ndipo mukudziwa nyimbo imene anayambitsa? Ija anapeka Ababa pakhonde la ometa inu muli Sitandade 5:

Tabwera pansi, tabwera pansi,
fumbi ndi mboni yathu.

Anthu makumi asanu ndi limodzi, atakhala pamipando ya siponji, nsapato zili mbee, akuimba kuti abwera pansi. Ndinaona mapewa a Ababa akugwedezeka, ndinkaganiza kuti akulira. Ankaseka. Anakoka mayi uja pamkono n'kumufunsa, "Fumbi lake liti, mayi?"

Mayiyo anati, "Ndi nyimbo chabe agogo, tinaipeza."

"Munaipeza kuti?"

"Ndi yamakolo."

"Makolo ake ndi ano mwawapatsa mpandowa. Ndipo mumaimba theka. Ikafika apo imakhota."

Anakweza dzanja, ng'oma inaleka, ndipo ndi mawu aja otsalira pang'ono anaimba ndime yachiwiri, ija ya njanji, yoti tikagonja tibwerera ndithu sabata yamawa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaidziwa. Anaibwereza kawiri, kachitatu basi yonse inalandira, ndi adalaivala omwe. Ine amene ndinawanyoza mphindi khumi zapitazo ndinangobisa nkhope m'chikwama, misozi osaigwira.

Pageti anamwino anawagoneka, anawayeza, anawapatsa madzi, ndipo ine anandisambitsa chokweza. Ndinavomera zonse. Patapita ola anati akhoza kuonera, bola akhale pamzere wapansi pamene palibe masitepe. A Mawotchi anatipeza pomwepo. Anayang'ana Ababa, anayang'ana padzanja, n'kuti, "Mwachedwa ndi miyezi isanu ndi itatu." Anakhala moyandikana mpira wonse, akutukwana oimbira mogwirizana ngati kale. Tinagonja chimodzi kwa duu.

Pobwerera ndi pamene ndinaona kuti dziko lasinthadi. Msewu ndi umodzi, ndiye opambana ndi ogonja amaima pamzere umodzi, kukwera basi imodzi, kutsika padepoti imodzi. Kulibe njanji yobisalako. Mayi wa nyimbo uja anatisungira mpando womwe uja, ndipo basi yathu inaimba ndime yachiwiri njira yonse, mpaka otigonjetsa amene anali kumbuyo anayamba kuthandiza. Tikudutsa pakashedi ka matayala dzuwa likulowa, Ababa anandigwira bondo n'kuti, "Unanena zoona, mwanawe. Miyendo yatha." Ndinayamba kupepesa, koma anandiletsa. Anati, "Yatha, koma pali nyimbo zisanu ndi imodzi zimene ana awa sakuzidziwa."

Tsopano zimene ndakhala ndikuzizungulira. Lamulungu sanadzuke. Dzulo ndinapita nawo kuchipatala. Adokotala anati mtima wafooka kuposa mu Juni, ndipo ulendo wathu sunathandize. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndausenza. Adokotalawo anatinso zoyenda pansi zatha, koma kukwera basi n'kukakhala pamzere wapansi sangawaletse, chifukwa munthu woteroyo ukamulanda chimene amadzukira m'mawa ndiye kuti wamutsiriza wekha. Ababa atatuluka ndinafunsa za chaka chamawa. Adokotala anayamba kusanja mapepala patebulo, n'kundiuza kuti tiziona mwezi ndi mwezi.

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene. Musawatenge. Ndikudziwa kuti kumeneko zipatala n'zabwino ndipo alamu angawasamale kuposa ine, amene ndaonetsa kale nzeru zanga. Ndikudziwanso kuti lamulo lanu linachokera m'chikondi ndi mantha, chifukwa mantha omwewo ndinawamva pakashedi paja. Koma kumeneko adzakhala pawindo la nyumba yosanja, osadziwa munthu, kudikira tsiku. Kuno anthu a basi ija abwera kale kawiri kudzawaona, ndipo mayi uja wabwera ndi kope loti azilembamo mawu a nyimbo. Ngati mukufuna wokalipira, ndilipo, imbani foni ndipo ine sindikudulani mawu.

Masewero apakhomo atsala atatu chaka chino. Oyamba ali pa 25 mwezi uno.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti diresi lawo ndamaliza, likungodikira wodzalitenga. Ana muwauze kuti azakhali awo amawakonda ngakhale amangowaonera pafoni. A Mawotchi akuti moni, akutinso inu munali wochedwa kuyambira kale, ndiye sakudabwa.

Ababa ali pompano pakhonde, afunda bulangete masana ano. Ndawauza kuti ndikulembera inu ndipo ndaulula zonse. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Poyamba anati alibe. Kenako anati, "Umuuze asavutike n'kudzanditenga, sindipita. Koma ngati ali ndi ulendo, afike Lachisanu, chifukwa basi imanyamuka 12 koloko ndipo sidikira munthu. Umuuzenso kuti sitepe yake ndi yaitali, ndipo mlongo wake yekha sangathe kundikweza."

Ndawafunsa ngati pali china. Akuti, "Ndinkamunyamula ndine asanayambe kukunyamula iwe. Abwere adzandinyamuleko."

Ndalemba monga anenera, sindinawonjezepo.

Ine mlongo wanu wosamva,
Mzime