Kachipewa Wasiya Kulira

Loweruka, 2 Malichi

Gawo latsopano la katuni ya Kachipewa layamba pa TV m'mawa uno. Tonse pabalaza, ine ndi mulu wa zovala zosita.

Amukulitsa. Kamnyamata kaja ka miyendo ngati machesi, lero ndi chimnyamata cha mapewa, mawu ngati a kondakitala. Mtsikana wanga wawomba m'manja, akuti katuniyi inayamba iye asanabadwe, munthu sangakhale mwana mpaka kalekale. Akutinso ndisiye kunena kuti katuni, ndi anime. Chabwino, aphunzitsi.

Kapwiti, mlongo wake, sanawombe m'manja. Anayandikira TV mpaka mphuno pagalasi.

Ine mtima uli m'mwamba. Mwana wangayu zaka zisanu ndi zinayi, koma alibe mawu akeake. Onse anabwereka kwa Kachipewa. Njala ikamugwira: "M'mimba muli ng'oma." Akafuna kutuluka: "Zitseko, tsegukani." Pakamupweteka amaloza pamalopo, nkhope atakwinya ndendende ngati ya pa TV: "Apa pakuluma, apa pakuluma." Ndi mmene ndinadziwira za dzino lija, ndi za khutu chaka chatha. Madokotala analephera kumulankhulitsa, katuni inatha.

Ndiye akamusintha Kachipewa, asintha ndani?

Lachiwiri, 12 Malichi

Ku saluni anthu ochepa. Magetsi athima ndili pakati poumitsa tsitsi la mayi wina, wandilalatira ngati ndine ndimagawa magetsi. Sanalipire zonse.

Za Loweruka lapitali sizikuchoka m'mutu. Kachipewa anagwa pathanthwe, magazi pabondo. Kale akanalira mpaka misozi kutumphuka ngati paipi yophulika, kukamwa kudzaza TV yonse. Pano anangodzuka, kusasa fumbi. "Si kanthu. Ndakula." Nkhope gwa, osaphethira n'komwe.

Mtsikana wanga akuti anasintha ojambula. Kale ankajambula ndi manja, chithunzi ndi chithunzi, nsidze, masaya, milomo, chilichonse chinkayenda. Pano ndi kompyuta. Moto ndi madzi n'zokongola, inde, zimachita kunyezimira, koma nkhope imangoima, pakamwa pokha kutsegula ndi kutseka ngati nsomba. Akuti pa intaneti anthu akutukwana zedi.

Iwo akudandaula zithunzi. Kapwiti anaphunzira nkhope ya chisoni pa nkhope yakale ija, ankaiyeserera pagalasi la ku bafa. Dzulo ndamupeza pagalasi lomwelo akuyeserera yatsopanoyi.

Lachinayi, 21 Malichi

Chitseko cha kukhitchini chamupana Kapwiti chala. Ndinamva chitseko, sindinamve mwana. Popita ndapeza waima, chikhadabo chada kale, magazi akudontha pasimenti.

"Si kanthu. Ndakula."

Bambo ake, m'malo mothandiza, akuseka: "Mwamuna ameneyo. Mukufuna azidzalira mpaka amere ndevu?" Ndinangowayang'ana. Ndikanatsegula pakamwa anansi akanabwera.

Ndamuikira magawo akale pafoni, aja olira aja. Wakankha foni. Kapwiti sabwerera m'mbuyo, chimene TV yanena komaliza ndiye lamulo.

Lamulungu, 24 Malichi

Dzulo ndinazula waya wa TV, ndati yafa. Kapwiti anayamba kumenyetsa mutu kukhoma. Sindinapirire, ndinalumikizanso. Ndine mayi wotani, sindikudziwa.

Gawo la dzulolo: mnzake wa Kachipewa akulira, iye akumuuza kuti olira amatsalira m'mbuyo. Mtsikana wanga akuti nkhani yake yakhwima tsopano, Kachipewa akuphunzira kusenza mavuto. Kenako anandiyang'ana, anasiya chiganizo panjira.

Kapwiti akamasamba ndimamuyendera thupi lonse ngati ndikusankha tomato pamsika. Mapazi, kukhwapa, kuseri kwa makutu, m'kamwa. Za pakhungu ndiziona. Nanga za m'kati?

Lachitatu, 3 Epulo

Sanadye kuyambira dzulo. Wasanza kawiri. Thupi lotentha, ndipo akuyenda mowerama ngati nkhalamba. Ndagwada, ndamufunsa pakuluma pati, ndachita kumukwinyira nkhope yakale ija ine mwini. Yankho lomwe lija.

Ku kachipatala ka pafupi. Dokotala wake wachinyamata, mzere mpaka panja. Wadina pamimba, Kapwiti nkhope gwa, thukuta lokha pamphumi. Wamufunsa ngati pakupweteka. "Si kanthu. Ndakula." Dokotala waseka, akuti mwana wanena yekha, amayi musamachite phuma. Ndayesa kufotokoza za katuni. Ndinkadzimva ndekha mmene ndikumvekera, ngati wozungulira mutu. Watipatsa mapiritsi otsitsa kutentha, tibwerenso zikapitirira.

Ndatseka saluni. Makasitomala apite kumene akufuna.

Ndikuopa. Sindinaopepo chonchi.

Lachisanu, 5 Epulo

Chipatala chachikulu. Ndikulemba pabondo, pabenchi ya pakhonde.

M'mawa mimba inali gwa ngati thabwa, maso atalowa. Sindinafunse munthu, ndinangomubereka kumsana, chimwana chachikulu chija, miyendo ikundimenya m'mawondo, mpaka pamsewu.

Apendikisi, kathumba kena ka m'matumbo. Kaphulika. Dokotala wamkulu, mayi wa imvi, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Ululu umenewu munthu wamkulu akanagubuduka pansi. Munali kuti masiku onsewa?" Ndinali pompo, adokotala. Ndinali pompo, ndikumufunsa.

Akumulowetsa m'chipinda cha opareshoni pakabedi ka matayala ananenanso mawu ake aja, motsitsa, milomo youma. Nesi anati koma mwana wolimba mtima. Ndinafuna kumuluma nesiyo.

Bambo ake afika ndi zovala za kuntchito, girisi m'manja. Sanakhale pansi. Aima pawindo, andipatsa msana, mapewa akugwedezeka. Sindiwatonthoza. Mwina mawa.

Chitseko sichikutseguka.

Loweruka, 6 Epulo

Ali moyo. Paipi m'mphuno, ina pamimba, ina padzanja. Akuti mafinya anali ambiri, tidikire tione ngati kutentha kutsike.

M'wodi ya ana muli TV yopachika. Nthawi itakwana, nyimbo ya Kachipewa inayamba, tiana ta mabandeji tonse kudzuka. Ine ndinathamanga kukaima pakati pa TV ndi bedi lake ngati mlonda. Panalibe chifukwa. Anali atatembenukira kale kukhoma, yekha.

Chidzukireni sanatulutse liwu. Lakale ayi, latsopano ayi. Madzi akawafuna amangoyang'ana kapu. Ndinkadana ndi "Si kanthu" uja, lero ndikanamulandira ndi manja awiri. Ngati wamutaya Kachipewa, watsala ndi chiyani?

Lachiwiri, 9 Epulo

Kutentha kwatsika pang'ono. Wamwa supuni zingapo za msuzi.

Nesi anabwera kudzasintha bandeji. Bala lake analisiya lotsegula mbali imodzi, amalitsuka m'kati, ine sindiyang'ana. Ndinagwira njanji ya bedi, maso kudenga. Ndipo ndinangomva zala zandigwira pamkono, zikhadabo kulowa.

"Amayi. Moto. Muno moto."

Nkhope yake sinali ya pa TV, yakale kapena yatsopano. Yokhota mbali imodzi, yonyansa, mamina ndi misozi pamodzi. Nesi anangoti pepa, tatsala pang'ono, osadziwa chimene chachitika.

Mtsikana wanga atabwera kuchokera kusukulu ndinamukokera pakhonde. Iye magawo onse ali nawo pamtima. Ndati gawo liti limene amati "muno moto"? Waganiza, waganiza. Akuti palibe. Ndati kumbukira bwino, mwina akale kwambiri. Wayamba kulira. Akuti amayi, Kachipewa ndi mwana wamasiye, amakhala ndi galu. Sanaitanepo amayi ngakhale kamodzi.

Zaka zisanu ndi zinayi. Sindinkadziwa kuti mawu amenewo amamveka bwanji m'kamwa mwake.

Masana onse ndayesa. Ndamusisita mutu, ndadziloza pachifuwa, ndati ndine ndani, Kapwiti, ndine ndani? Akungoyang'ana khoma. Ululu utatha, mawu anathanso.

Mawa m'mawa asinthanso bandeji. Mulungu andikhululukire, ndikudikira.