Ghula Wokhala ndi Nkhope Yanga

Lolemba, 6 Okutobala

Kamvula m'mawa. Tiramu, kasitima kathu ka m'tauni, yodzaza, ndinaimirira ulendo wonse.

Ku ntchito zomwe zija, kupaka utoto tizidole ta masewera. Lero tiasilikali, maso okhaokha tsiku lonse. Burashi yanga yaing'ono yayamba kuthothoka. Sindinanene.

Masana a Maalemu Larbi, mmisiri wamkulu amene amatiumbira tizidoleti, avundukula kadole katsopano ka ghula, chiwanda chachikazi cha m'nthano zathu. Miyezi yonseyi akhala akumuumba ndi phula kuseri kwa katoni. Kutalika ngati chala changa chapakati. Anamuimika pambali pa akale awiri kuti tione kusiyana. Woyamba uja ndi chimzimayi chodya anthu monga mmene amatiopsezera tili ana: mano otuluka kunja, tsitsi ngati tsache, chibonga m'manja. Wachiwiri wowonda, zikhadabo zitalizitali. Watsopanoyu alibe zonsezo. Mtsikana wamba, wavala jelaba, mkanjo wathu wautali uja, wanyamula thabwa la buledi kupita nalo ku uvuni. Ziboda za bulu zikungosuzumira pansi pa chovala.

A Maalemu anati, "Osewera a masiku ano mano sakuwaopanso, amangoseka. Choopsa ndi chimene ungachipatse moni panjira."

Ghizlane, mnzanga wopaka naye utoto, anawerama. Anayang'ana kadole, anayang'ana ine. Anagwira pakamwa.

Inenso ndinali nditaona kale. Chipsera chodula nsidze yakumanzere. Kadontho pansi pa diso. Kapendeketsedwe ka mutu.

Ndine.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ghizlane tsiku lonse: "Lalla Ghula, mayi wolemekezeka, ndibwerekeniko utoto wofiira, koma musandidye." Ndinamwetulira kuti asiye. Sanasiye.

Potsuka maburashi anatsitsa mawu. "Batoul, Marouane wako si amasewera zimenezi ku kafe? Udzakhala pathebulo iwe, anzake onse akukugwiragwira."

Ndikudziwa.

Chinkhoswe pa 25. Amayi ake, Lalla Zhor, anavomera monyinyirika kuti ndizigwirabe ntchito. Funso lawo loyamba: m'chipindamo mumakhala amuna angati? Ndinati mmodzi, wamkulu kuposa bambo anga, ndipo sandiyang'ana n'komwe.

Sandiyang'ana. Nanga nsidzeyi anaitenga kuti?

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndawaonetsetsa a Maalemu. Sakudziwa. Timakhala moyang'anana pathebulo limodzi. Akadzutsa mutu kuti apumitse maso amapeza ine, monga mmene munthu amapezera khoma. Manja awo anangotola chimene chinali pafupi. Lero andiitana Bouchra. Dzina langa lenilenilo amaliiwala.

Koma adzakhulupirira ndani? Kwathu kuno adzati mwamuna saumba nkhope ya mkazi asanaisunge mumtima. Ndiye kuwonjezera apo, ghula. Lalla Zhor sathira madzi otentha m'ngalande asanatchule dzina la Mulungu, kuopa kuputa ziwanda. Mpongozi wa ziboda? Adzamwaza mchere pakhomo n'kutseka.

Chikombole akuthira Loweruka. Mphira wamadzi uja ukangouma, zatha. Mmenemo mudzatuluka ambirimbiri, onsewo ine, m'mabokosi mpaka ku mzinda wa Casa ndi kunja komwe.

M'tiramu ndinakonza mawu. Maalemu, pepani, ndili ndi pempho. Ndinabwereza mpaka posikira. Nditalowa anandifunsa ngati ndaona magalasi awo. Anali pamphumi pawo. Ndinangowalozera. Mawu aja anabwerera m'mimba.

Mankhwala a bambo atsala pang'ono. Ntchito ino si yoti ndiiseweretse.

Lachisanu, 10 Okutobala

Za lero ndilembe zonse.

A Maalemu anandipatsa ghula kuti ndimuyeretse asanathire chikombole. Fumbi, tiubweya, zidindo za zala, zonse zichoke, apo ayi zidzaoneka pa kadole kalikonse. Ntchito imeneyi amapatsa ine chifukwa sindipupuluma. Iwo anapita ku mzikiti, Ghizlane kwa azakhali ake kukadya kusukusi, chakudya chathu cha Lachisanu. Ndinatsala ndi ghulayo, awiriwiri.

Kampeni kali pomwepo. Kukanda kamodzi, chipsera chatha. Kawiri, kadontho katha. Ndinakanyamula. Ndinakayandikitsa ku nsidze ija. Ntchito ya miyezi, ndipo palibenso wina, ndi yekhayu. Nditaphonya? Ngakhale ndisaphonye adzaona, amadziwa kamzere kalikonse. Ndinakabweza pamalo pake.

Koma kugwira ntchito akundiyang'ana ndi nkhope yanga, ayi. Ndinang'amba kapepala kofewa kopukutira maburashi, ndinakanyowetsa, ndinamuphimba kuchokera pamutu mpaka pachifuwa. Ndinayambira ku ziboda. Nthawi ndinaiiwala.

Sindinawamve akulowa.

"Wachita izi ndani?"

Anazungulira thebulo, anawerama, anazimitsa nyale imodzi. Pepala lija linali litamatirira. M'malo mwa maso timaenje tiwiri, pakamwa kamthunzi. Kenako, "Ya latif, Mulungu wanga. Thupi lonse landichita tsemwe." Ndiye anatembenuka. "Wamuphimbiranji?"

Ndinayang'ana pansi. Zinatuluka zokha, timawu tating'ono. Nkhopeyo ndi yanga, Maalemu, ndipo ndikukwatiwa.

Anachotsa kapepala pang'onopang'ono. Anayang'ana kadole. Anandiyang'ana ine, mwina koyamba. Makutu awo anafiira. "Mwana wanga, Mulungu andikhululukire. Ine ndimayesa ndinachita kumulota." Atatero anapsa mtima. "Sabata yonse uli duu ngati thumba la ufa? Umadikira chiyani, chikombole?"

Achikankhira ku Lachitatu. Eni kampani anakalipa pafoni, ndinkamva ndili pakhomo. Dzina langa a Maalemu sanalitchule. Mwina chifukwa cha chifundo, mwina aliiwalanso.

Lachitatu, 15 Okutobala

A Maalemu aumba nsalu ya phula lopyapyala pamwamba pa nkhope, monga kapepala kanga kaja. Sanakande kanthu. Akuti nsalu imagona bwino pansi pake pakakhala munthu. Ndiye kuti ndilimo ndithu, koma mkati, kosaoneka.

Aima anayi tsopano pa shelefu, m'maganizo mwanga: wa mano, wa zikhadabo, wa nkhope yanga amene sadzaonedwa, ndi uyu. Uyu ndiye woopsa kuposa onse. Ngakhale Ghizlane safuna kumukhalira moyang'anana.

Mphira athira. Ghizlane akuti tsopano ndine ghula wopemphera.

Pamalo panga ndapeza burashi yatsopano. Palibe amene wanena kanthu.

Ndadya bwino lero.

Lolemba, 20 Okutobala

Woyamba watuluka m'chikombole. Wosalala, wopanda thovu. Andipatsa ine kuti ndimupake, ndiye adzajambulidwe pa bokosi. Jelaba yobiriwira, nsalu yotuwa. Ndinafika pa manja ogwira thabwa la buledi.

Chala chaching'ono chakumanja. Chopindika. Changa, chimene chinathyoka ndi chitseko ndili mwana.

Tonse atatu tinkangoyang'ana nkhope. Manja palibe anawaona.

Mphira unauma kalekale.

Lachinayi, 23 Okutobala

Marouane anabwera kudzanditenga kuti tikaone mphete. Nthawi zonse amadikira panja. Lero kunja kuli mphepo, analowa.

Anamuona ghula pathebulo panga. Anamunyamula mosamala, monga amachitira anthu osewera, kugwira kunsi. Kutembenuza, kutembenuzanso. Nthawi yaitali.

"Chala ichi ndimachidziwa."

Ghizlane anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi maburashi otsuka.

Panjira sanakambe za mphete. Tili pafupi ndi poimira tiramu anafunsa, "Nanga pansi pa nsaluyo pali ndani?"

Ndikanatha kunena kuti palibe, phula lokhalokha. Sakanadziwa mpaka imfa. Ndinati: ine. Ndinamuuza zonse, kampeni, kapepala, magalasi a pamphumi, za Bouchra. Chibadwire sindinalankhulepo zambiri chonchi kwa mwamuna.

Mphete sitinaone. Anandisiya pakhomo, anati ndiwapatse moni bambo.

Lachisanu, 24 Okutobala

Foni zii.

Amayi ndi azakhali akuphika makeke a mawa, nyumba yonse kununkhira maluwa a lalanje. Akuimba. Sindinawauze.

Ndaswa tambula ya tiyi, ine amene sindiswa kanthu.

Loweruka, 25 Okutobala

Abwera, a kwa Marouane.

Ndikulemba mothamanga m'chipinda, asanandipake hina, utoto wokongoletsa manja a mkwatibwi.

Ndinamva nthungululu pa masitepe. Mathireyi a mphatso: shuga, zipatso zouma, hina, nsalu, mphete imene wasankha yekha. Pakati pa shuga, kanthu kakang'ono kotuwa. Ghula uja. Wosapaka utoto. Ndamva kuti dzulo Marouane anapita kwa a Maalemu, anamwa nawo tiyi nthawi yaitali, anatuluka ndi wachiwiri wa m'chikombole.

Podutsa pafupi nane ananong'ona, osandiyang'ana. "Anzanga aja amangoona ziboda, usadandaule. Koma uyu sapita ku kafe. Umupakenso hina, ndi wapabanja."

Kenako Lalla Zhor anamuona. Anamutola. Magalasi anasiya kunyumba, ndiye anamuyandikitsa kumaso.

Anati, "Kamtsikana kaulemu aka, kadziphimba bwinobwino. Atsikana a masiku ano atengerepo phunziro." Chala chawo chachikulu chili pa ziboda penipeni.

Marouane anatsamwa ndi tiyi.

Akundiitana. Akuti ndisiye cholembera, akufuna manja onse awi