Pemphero la Obinna Lathera Panjira

Lachisanu. Kunja kukutentha, mtima wanga walemera.

Obinna, mnzanga wa ku Nigeria amene timalondera limodzi nyumba za ku Pearl kuno kudziko la eni, anandiitana komwe amakhala, kudera la Al Nasr. Kwa Aigbo, mtundu wa Obinna, wamkulu amadalitsa mtedza wa kola m'Chiigbo chokha alendo asanadye. Wamkuluyo anali iye. Anayamba bwino, kenaka mawu anamuthera, mtedza uli m'manja. Wina anati, "Khalas," kutanthauza kuti basi, n'kutenga mtedzawo n'kuubweza m'mbale wosaswa.

"Chaka chonse ndakhala ndikuphunzira Chiigbo pa foni," Obinna anandiuza. "Kusukulu ankatimenya tikachiyankhula."

Ndinamulimbikitsa kuti chidzabwerera. Bodza lenileni. Ineyo Chilomwe ndimangodziwa moni, ndipo mayi amene ndikanawafunsa tinawaika chaka chatha. Obinna bola ali ndi foni yomuphunzitsa, koma ine...