Chimene Achimwene Anu Anameza

Lachitatu, 14 Meyi

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Mwendo uja unasiya kuvuta? Ife kuno tilipo, koma si kwenikweni. Kalatayi muwerenge mutakhala pansi, komanso muli nokha.

Mukulidziwa khalidwe la achimwene anu pa ntchito. Manja akatanganidwa, chilichonse amaika pakamwa, kaya ndi msomali, kaya ndi nati. Sabata zitatu zapitazo, ku shopu yawo yowotcherera zitsulo kunabwera mayi wina wachilendo ndi kanthu kobiriwira, konga mamba a nsomba koma kolimba, akuti akaboole kuti azikavala m'khosi. Achimwene anu anakapana ndi milomo uku akusakasaka choboolera, ndipo anakameza. Mayi uja sanabwerenso.

Poyamba kunali kutentha thupi, mpaka pilo kupserera. Kenako khungu la kumsana linauma gwa, mano osakwananso m'kamwa. Tsiku lina atatsokomola katani n'kuyaka, anapita okha kukadzitsekera m'shopu, poti muja ndi zitsulo ndi simenti zokhazokha. Lero lino, alamu, achimwene anu ndi chinjoka. Ali ndi mapiko okhula kudenga, mchira wazungulira tebulo lonse logwirirapo ntchito, ndipo akapuma, chitseko chachitsulo chija sungachigwire.

Telala wa khomo loyandikana nafe akuti, "Kodi amuna anu akuwotcherera chiyani chosatha, utsi tsiku lonse?" Ndimangoti apatsidwa ntchito yaikulu ya mageti. Ndasanduka katswiri wa bodza, ine amene munkandiseka kuti pakamwa panga sipasunga kanthu.

Koma chikundidya si telala ayi. Sabata yatha ankayankhula, mawu ngati ochokera mu mgolo: "Mayi a mwana, musayandikire." Lolemba anangotha kutchula dzina la mwana basi. Dzulo nditaponya nyama pa kawindo, anandiyang'ana nthawi yaitali, diso lachikasu osaphethira, monga mmene amayang'anira chitsulo asanachidule. Ndinati, "Ndine, bambo a mwana, ndine!" Sanandizindikire. Ndikuopa, alamu, ndikuopa kwambiri. Akutiiwala. Nyumba ndi shopu khoma lake ndi limodzi, ndiye tsiku limene adzatiiwaliretu, chidzawaletsa n'chiyani?

Pali china chimene sindinauze munthu. Kanthu kaja sanangokameza okha. Ine ndinali nditabweretsa tiyi, ndipo ndinawanyang'amira kumbuyo n'kuwagwira m'nthiti, masewera athu aja a masiku onse. Anadzidzimuka, kanthu kaja n'kutsika. Tinaseka mpaka misozi. Ine kuseka, mayo! Iwo sananditchulirepo mlandu umenewu ngakhale kamodzi, ndipo n'zimene zikundipweteka.

Chonde bwerani msanga. Inu ndi amene munawalera, ndipo pali dzina lija munkawaitana ali aang'ono, limene amakana kundiuza chifukwa cha manyazi. Mwina limenelo lidakali m'mutu mwawo, poti linalowamo kale ine ndisanabwere. Ngati mwendo sukulola, ndilembereni dzinalo ndikayese ndekha. Amayi musawauze, mukudziwa vuto lawo la mtima.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse. Mwana wanu kuno akuti azakhali asaiwale nsapato zija. Iyeyo ndinamuuza kuti bambo ake ali pa ulendo, ndipo tsiku ndi tsiku amawadikirira pa geti.

Moni wa achimwene anu nawo ulipo. Ndisanamalize kulemba ndinakaonetsa pepalali pa kawindo, n'kunena kuti, "Ndikulembera achemwali anu, ndiwapatse moni?" Anasendera pafupi, n'kupumirapo. Pakona papsererapo ndi pawo. Ndikudziuza kuti unali moni, alamu, koma zala zanga zinali pomwepo.

Ndine mlamu wanu wolongolola uja.