Botolo Lanu la Makoko a Malalanje

Stavanger,
19 Epulo

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira bondo lija laleka kukuzunzani, ndipo dzuwa layamba kuchedwerako kulowa kwanuko ku Hammerfest. Khalani pansi kaye, chifukwa ndili ndi nkhani yokoma, koma m'kati mwake muli mlandu wanga.

Mukukumbukira mafuta a makoko a malalanje amene mumatcheza nokha Pasaka ikatha? Munandipatsa botolo limodzi loti ndizitsukira tcheni cha njinga, ine n'kumaseka kuti zaka makumi atatu zokumba mafuta panyanja zangokusiyirani nzeru za kukhichini. Unali mwano umenewo, pepani.

Paja ntchito yanga kuno ku labotale imayenera kutha mu Juni ngati sindionetsa chogwirika. Miyezi isanu ndi inayi ndakhala ndikukankha madzi amchere m'timiyala ta pansi pa nyanja kuti mafuta olimba ngati phula atuluke, koma mafutawo kumangondiyang'ana. Tsiku lina mankhwala otsukira mapaipi, opweteketsa mutu aja, anatha. Ulesi unandigwira, ndinatsuka ndi botolo lanu lomwe linali m'chikwama, osalemba m'buku. Nditayambitsa makina, mafuta anayenderera ngati uchi wa padzuwa.

Torleif, mnzanga wa tebulo limodzi, anakuwa: "Iwe Oddny, wawadyetsa chiyani mafutawa? Dzana amakukana ngati apongozi!"

Mayi Hetland, abwana athu, anayesa kuti ndi madzi anga amchere aja, ndipo anayamba kukamba zondisunga zaka zitatu. Ababa, ndinakhala chete masiku atatu athunthu. Ntchito ndinkaifuna, koma chikumbumtima chinkandivutitsa.

Kuno wolakwitsa amabwera ndi keke Lachisanu, ndiye ndinaphika ya malalanje n'kuiika patebulo pamodzi ndi botolo lanu.

"Keke yaikulu chonchi? Waswa chiyani?" anafunsa Mayi Hetland.

Ndinaulula zonse. Iwo anatsegula botolo n'kununkhiza.

"Ukundiuza kuti ife tikutuluka thukuta kufunafuna mankhwala opanda poizoni, iwe ukuyenda nawo panjinga?"

"Ndi a bambo anga, Mayi."

"Ndiye bambo akowo ali ndi mutu kuposa tonsefe. Koma zosalemba m'bukuzo ayi, mwana iwe. Keke Lachisanu lililonse mpaka Khirisimasi! Tiye, bwereza, ulembe chilichonse."

Tabwereza kanayi, ndipo kanayi konse mafuta atuluka. Dzulo ndasayina zaka zitatu zija, ndipo ndinalira m'kachipinda kosungira majasi, Torleif akunamizira kuti sakumva.

Tsono botolo latha. Mafuta a malalanje ogula tawayesa, akugwira ntchito, koma abwana akufuna kuona ndi maso awo mmene mumatchezera anu. Chonde bwerani mu Meyi, tikiti ya ndege atumiza okha. Makoko a Pasaka ino musataye ngakhale limodzi, ndipo muuze Azakhali Gunnvor aleke kukunenani kuti mukudzaza khonde ndi zinyalala. Muwapatsenso moni wanga.

Ndili wamng'ono ndinkadziwira fungo la malalanje pakhomo kuti mwabwerako kunyanja, ndisanaone ndi nsapato zanu zomwe. Masiku ano ndikatsegula chitseko cha labotale m'mawa, fungo lomwelo limandilandira, ndimayesa mwafika.

Ndine mwana wanu wamwano uja,
Oddny